Ndani aperekeze agogo?

M'midzi yambiri ya boma lino la Marávia, kuyambira kuno ku Fíngoè mpaka ku Chiputo, Chipera ndi Malowera, dzuwa likafika paliwombo pakhomo pamatsala agogo ndi tiana. Achinyamata amakhala ali ku minda ya fodya, ena kokumba golide, ena anawoloka malire kupita ku Zambia kapena anatsikira ku Tete kukafuna ganyu. Agogo ndiwo amaphika, kutunga madzi ndi kulera zidzukulu, zina mwa izo ana amasiye. Nanga agogowo akadwala kapena akazunzidwa, amawathandiza ndani?

Thandizo la anthu okalamba lilipo m'dziko lathu. Lamulo lilipo, ndalama za boma zilipo, mankhwala aliponso. Vuto ndi lakuti zonsezi sizibwera zokha pakhonde. Pamafunika munthu wamiyendo yolimba woti awagwire dzanja agogo mpaka akafike pamene pali thandizolo.

Lamulo likuti chiyani?

Mu February 2014 dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo nambala 3/2014 loteteza ndi kupititsa patsogolo ufulu wa anthu okalamba. Malinga ndi lamuloli, wokalamba ndi munthu aliyense amene wakwanitsa zaka 60, kaya ndi mayi kapena bambo. Munthu wotere ayenera kuthandizidwa msanga pamzere, kaya kuchipatala kapena ku maofesi a boma. Lamuloli likunenanso kuti banja lili ndi udindo wosamala makolo ake okalamba, ndipo kuwanyanyala kapena kuwachitira nkhanza ndi mlandu.

Ambiri mwa agogo athu sanamvepo za lamuloli chifukwa linalembedwa m'Chipwitikizi ndipo iwo sadziwa kuwerenga. Choncho amakhala phee kumapeto kwa mzere kuyambira m'mawa, achinyamata akuwadumpha. Inu amene mwawerenga nkhaniyi, kawafotokozereni m'chinenero chawo, kaya ndi Chichewa kapena Chinsenga.

Choyamba ndi chiphaso

Munthu amene anakwanitsa zaka 60 mu 2025 anabadwa mu 1965, dziko lathu lisanalandire ufulu pa 25 June 1975. Masiku amenewo ana ambiri akumudzi sankalembedwa m'kaundula. Kenaka kunabwera nkhondo yomwe inatha ndi pangano la mtendere la pa 4 October 1992. Anthu ambiri a m'chigawo cha Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena kukakhala ku msasa wa Ukwimi. Pobwerera kwawo anapeza nyumba zitapsa ndipo mapepala atatayika. Ichi ndi chifukwa chake mpaka lero agogo ena alibe chiphaso cha BI, ndipo sadziwa chaka chenicheni chimene anabadwa.

Popanda pepala losonyeza zaka zawo, kulembetsa pa thandizo la boma kumavuta. Koma munthu akhoza kulembedwa m'kaundula ngakhale atakula kale. Yambani mwapita kwa mfumu kapena mlembi wa mudzi kuti akupatseni kalata, kenaka pitani ndi agogo ku ofesi ya Registo Civil pamodzi ndi mboni zimene zimawadziwa bwino. Mukamva pa wailesi kuti olemba ziphaso abwera m'dera lanu, musaiwale okalamba amene sangathe kuyenda mtunda wautali. Njinga kapena ngolo ya ng'ombe ingathandize.

Ndalama za INAS

Bungwe la boma la INAS limapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito. Ndondomeko imeneyi imatchedwa PSSB, ndipo ambiri mwa olandira ndi anthu okalamba. Inachokera ku ndondomeko yakale yothandiza pa chakudya yomwe inayamba mu 1990. Mu 2018 ndalamazi zinaikidwa pa 540 meticais pamwezi kwa munthu wokhala yekha, ndipo zimakwera malinga ndi kukula kwa banja mpaka 1,000 meticais kwa banja la anthu asanu kapena kuposerapo.

Si aliyense wa zaka 60 amene amalandira. M'mudzi mumakhala munthu wolumikiza anthu ndi INAS, amene timamutchula kuti permanente. Iyeyu pamodzi ndi atsogoleri a mudzi amapereka mayina, ndipo ogwira ntchito ku INAS amaona ngati banjalo likuyeneradi. Kulembetsa ndi kwaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke nkhuku kapena ndalama kuti dzina la agogo lilowe, kaneneni ku ofesi yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu ya boma lino, SDSMAS.

Ndalamazi ndi zochepa, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 zinachedwa miyezi yambiri m'madera ambiri a dziko lino, nthawi yomweyo imene chilala chinawononga mbewu m'chigawo chathu. Choncho sizingalowe m'malo mwa chisamaliro cha banja. Dziwaninso kuti ndalamazo ndi za agogo. Mdzukulu amene amawaperekeza kokalandira kenaka n'kuwalanda kuti akamwere kachasu, ndi wakuba.

Matenda osamveka kuwawa

Timakonda kunena kuti “ndi ukalamba basi” pamene agogo akudandaula mutu, chizungulire kapena kutupa miyendo. Nthawi zambiri amakhala matenda amene ali ndi mankhwala. Oopsa kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timakutchula kuti tensão. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti anthu pafupifupi 39 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli, koma mwa iwo amene ankadziwa sankafika 15 pa 100. Munthu akamakula, chiopsezo chimakulanso.

Matendawa akhoza kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kanthu, mpaka tsiku limene adzagwe ndi kufa ziwalo mbali imodzi. Njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuyezetsa. Kuyeza kwake sikupweteka ndipo sikutenga nthawi. Ngati makina akuonetsa 140/90 kapena kuposerapo mobwerezabwereza, anamwino adzapereka malangizo ndi mankhwala. Mankhwalawo amamwa tsiku lililonse, osasiya ngakhale thupi likupeza bwino.

Kunyumba chepetsani mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kakang'ono kamodzi kosadzaza. Nsomba zamchere za ku nyanja ya Cahora Bassa muziziviika m'madzi ndi kutaya madziwo musanaphike. Fodya ndi mowa zimawonjezera vutoli. Mukaona kuti pakamwa pa agogo papotoka mwadzidzidzi, mkono wafooka kapena mawu sakumveka bwino, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Musayambe mwapita kukaombeza.

Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuonda ndi zilonda zosapola zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a shuga. Chifuwa chosatha chikhoza kukhala chifuwa chachikulu. Okalamba nawonso amatenga kachirombo ka HIV, choncho asachite manyazi kuyezetsa magazi. Ng'ala, imene imayeretsa diso ndi kuchititsa khungu pang'onopang'ono, imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi ndipo munthu amaonanso. Yambirani pachipatala chapafupi kapena cha kuno ku Fíngoè kuti akupatseni kalata yopita nayo kwa madokotala a maso ku Tete. Musathire madzi a zitsamba m'maso.

M'midzi yakutali ndi chipatala muli alangizi a zaumoyo a m'mudzi, ma APE. Auzeni za agogo amene akudwalira m'nyumba kuti awayendere ndi kuwatumiza kuchipatala.

Kuiwalaiwala si ufiti

Nkhanza yowawa kwambiri imene okalamba amakumana nayo ndi kunenedwa ufiti. Mwana akamwalira ndi malungo kapena mnyamata akalephera pa malonda, chala chimaloza agogo, makamaka amayi amasiye okhala okha. Ena amamenyedwa, ena kuthamangitsidwa pakhomo, ndipo kawirikawiri pambuyo pake munda ndi mbuzi zawo zimatengedwa ndi omwe anawanenawo.

Pali matenda a ubongo amene amagwira anthu ena akakalamba. Munthu amaiwala mayina a ana ake, amasochera panjira imene waiyenda moyo wake wonse, amadzuka usiku n'kumayendayenda, mwina osavala bwino, ndipo amayankhula zosamveka. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa. Ndiye gogo akapezeka m'bandakucha kuseri kwa nyumba ya mnzake, anthu amati wagwa pa ndege ya ufiti, chonsecho ndi wodwala amene wasochera. Akamufunsa mokalipa amangovomera chilichonse chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka. Munthu wotere afunika kumubweza kunyumba mwachikondi, kumufunditsa ndi kupita naye kuchipatala.

Mukaona wokalamba akuzunzidwa, musati ndi za m'banja la eni. Dziwitsani mfumu ndi apolisi. Ku polisi kuli ofesi yolandira madandaulo a nkhanza za m'banja, ndipo bungwe la boma la IPAJ limathandiza kwaulere pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya. Mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi asing'anga, mawu anu amamveka kutali. Kanani kuweruza munthu pa mlandu wa ufiti.

Tingachite chiyani pamudzi?

Chigawo chathu chinaphunzitsapo kale dziko njira yothandizana. Mu 2008 kuno ku Tete kunayamba magulu a anthu omwa ma ARV, amene anadzatchedwa GAAC, mothandizidwa ndi bungwe la MSF. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi ankasinthana kupita kuchipatala kukatengera anzawo mankhwala, ndipo njirayi inafalikira dziko lonse. Nalonso bungwe la HelpAge International linagwirapo ntchito ndi makomiti a okalamba m'boma la Changara, kuthandiza agogo olera ana amasiye.

Nzeru yosinthanayi ingagwire ntchito pa agogo athu. Gulu la achinyamata, la amayi kapena la mpingo lilembe mayina a okalamba onse a m'mudzi, makamaka okhala okha. Pa dzina lililonse mufunse mafunso anayi. Kodi ali ndi chiphaso? Kodi dzina lawo linaperekedwa ku INAS ngati ali oyenera? Kodi anayezetsa liti kuthamanga kwa magazi? Kodi pali amene akuwaopseza? Kenaka gawanani masiku: uyu awakweze pa njinga kupita kuchipatala, uyu awatungire madzi, uyu awafolerere denga mvula isanagwe. Pamisonkhano ya komiti ya zaumoyo pakhale wokalamba mmodzi kapena awiri oti adziyankhulire okha, chifukwa iwo ndiwo akudziwa pamene pakuwawa.

Chaka chilichonse pa 15 June dziko lonse limakumbukira zolimbana ndi nkhanza kwa okalamba, ndipo pa 1 October ndi tsiku la anthu okalamba. Tisadikire masiku amenewa kuti tiwagulire chitenje ndi kuwavinira. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ndi kwa iwo kumene timathamangira zinthu zikavuta pamudzi. Sabata ino yenderani gogo mmodzi wapafupi ndi kwanu, mumufunse mafunso anayi aja. Ngati pali chimene sichikuyenda bwino, bweretsani nkhaniyo kuno ku wailesi kuti tikafunse oyenera kuyankha ndipo yankho lake limveke kwa onse.