Mpeni wa Dokotala pa Phewa Loguluka

Pa zaka zimene ndakhala ndikusoka mapewa oguluka, anyamata ambiri andifunsa, ali chigwirire mkono wawo, ngati opaleshoni idzabwezera phewa monga analiumbira Namalenga; ndipo ine, ngakhale mtima ufuna kuwatonthoza, sindiyankha msanga, pakuti mutu wa fupa la mkono ukhala pa kambale kosaya kwambiri, wogwiridwa ndi mlomo wa kambaleko ndi minofu yokha, kotero kuti ufulu umene tikwezera nawo dzanja kumwamba ndi womwewo umene ugulula phewa.

Mu 1923 Bankart wa ku London analongosola kung'ambika kwa mlomowo ndi kausokedwe kake. Koma kumene fupa la kambale ladyeka chifukwa cha kuguluka kawirikawiri, kusoka kokha sikukwanira, ndipo titsata njira imene Latarjet wa ku Lyon anaonetsa mu 1954, yodula kafupa kotchedwa coracoid ndi kukakhomera kutsogolo kwa kambale ndi misomali. Walira mvula walira matope: kafupako nthawi zina kakana kugwirana ndi fupa linzake, msomali usuntha ndi kuperesa mutu wa fupa, ndipo mitsempha iwiri yodutsa pafupi ikakokedwa, munthu adzuka ndi dzanzi paphewa kapena alephera kupinda chigongono, ngakhale kuti ambiri achira pakapita miyezi. Kulinso kachirombo kokhala m'khungu, Cutibacterium acnes, kamene sikatupitsa bala kapena kutenthetsa thupi, koma kawawitsa phewa mwakachetechete, ndipo a ku labotale ayenera kukadikira mpaka masabata awiri kasanaonekere.

Chimene chindisowetsa tulo, komabe, ndi muyeso wa dzanja langa. Ndikamanga molekerera, phewa ligulukanso, makamaka mwa wosafika zaka 20, ndi mwa wodwala khunyu amene kugwa kwake sikunaletsedwe ndi mankhwala. Ndikamanga mothina, monga inkachitira njira yakale ya Putti-Platt, phewa siligulukanso ndithu, wodwala nandiyamika. Koma dzanja lake silitembenukira kunja, mafupa aperesana chaka ndi chaka, ndipo nyamakazi imugwira asanakalambe. Chifukwa chake ndisanatseke bala nditembenuza mkono wa wodwala ali chigonere, ndiyese ngati adzatha kufikira kunkhongo popesa tsitsi, ndipo ndikaona kuti wathina, ndimasula ulusi ndi kusokanso.