Tsinde la mneni si samu: kusamutsa ndandanda wa mawu kuchoka mu Word kupita mu Excel

Ambiri amene timatolera mawu kumidzi timayamba ndi Word. Ukakhala ndi agogo ku Bembeke kapena ku Mayani, umalemba m'kope, madzulo n'kutayipa: mawu, gulu lake, tanthauzo, mudzi. Mawu akachuluka umafuna kuwasanja, kuwawerenga ndi kuyerekeza zoyankhula za kumapiri ndi za kunsi ku Mtakataka. Ntchito imeneyo ndi ya Excel. Koma Excel ndi pulogalamu ya masamu, ndipo chilichonse chimene mwaika m'kabokosi imayamba yaganiza kuti n'chiyani. Malo amene imaphonya ndi omwewo amene ife timasungamo nzeru za chiyankhulo.

Tiyambe ndi aneni. Tsinde la mneni timalilemba ndi kamzere kutsogolo: -dya, -lima, -kumba. Excel ikaona kamzereko imati ndi samu yochotsera, imafunafuna chinthu chotchedwa dya, n'kulemba #NAME? pamalo pa mawu anu.

Magulu a mayina ndiye amaonongeka mwakachetechete. Munthu/anthu timati 1/2, mudzi/midzi 3/4, khasu/makasu 5/6, chitsime/zitsime 7/8, nkhuku 9/10. Kwa Excel amenewa ndi madeti: 3/4 imasanduka 3-Apr kapena 4-Mar, malinga ndi mmene kompyutayo inatcheredwera. Deti imalisunga ngati chiwerengero cha masiku kuyambira 1 Januwale 1900, choncho mukati mukonze pambuyo mumangopeza nambala ya manambala asanu. 3/4 uja wapita basi.

Chachitatu ndi kachizindikiro ka m'mwamba ka mu ng'. Kuno ku Dedza nkhaniyi si yaing'ono: ng'oma imene amaimba ku Gule Wamkulu si ngoma imene amavina Angoni a kwa Kachindamoto. Word imakonda kusintha kachizindikiro koongoka kukhala kopindika, pomwe mawu otayipidwa mu Excel momwemo amakhala ndi koongoka. M'maso mwathu ng'ombe ndi ng'ombe, koma kwa kompyuta ndi mawu awiri. Mukafufuza mupeza ena, ena ayi, ndipo chiwerengero chanu chidzanama.

Chachinayi ndi ŵ, wa mu Malaŵi. Masiku ano ambiri sitimulemba, koma wofufuza katchulidwe amamufuna, chifukwa funso lingakhale lakuti ndani akumutchulabe. Chilembochi mulibe mu Windows-1252, kasungidwe kakale ka zilembo ka m'makompyuta ambiri. Fayilo ikasungidwa motero, ŵ amatuluka ngati w wamba kapena ngati ?, ndiye umboni wonse wafufutika.

Nanga tichite bwanji? Ine ndimatsata njira iyi.

Ndimayamba kukonza mu Word momwemo. Mawu aliwonse akhale ndi mzere wake mu tebulo, ndipo kabokosi kalikonse kasenze chinthu chimodzi. Ngati m'kabokosi ka tanthauzo munadina Enter kuti mulembe tanthauzo lachiwiri, Excel idzagawa mawuwo m'mizere iwiri, ndipo posanja tanthauzo lidzasiyana ndi mwini wake. Sankhani tebulolo, tsegulani Find and Replace, mufufuze ^p ndi ^l, m'malo mwake muike chizindikiro china monga ;.

Kenako ndimakonza Excel ndisanamate kanthu. Sankhani makolamu onse, pitani pa Format Cells, musankhe Text. Apa mwaiuza kuti zimene zikubwerazi ndi mawu, isaganize. Pomata musangodina Ctrl+V, chifukwa zochokera mu Word zimabwera ndi maonekedwe ake n'kufafaniza zimene mwatchera. Gwiritsani Paste Special, musankhe Unicode Text. Mukatero -dya akhala -dya, 7/8 akhala 7/8.

Kachizindikiro ka mu ng' ndimakafananitsa mu Excel ndi Ctrl+H, osati mu Word, poti Word imakapindanso pomwepo. Potumiza fayilo kwa anzathu, kaya ku Centre for Language Studies ku Zomba, ndimasunga ngati xlsx kapena CSV UTF-8. Dziwani kuti CSV sikumbukira kuti kolamu inali Text: wolandirayo akangoidina kawiri, madeti aja abwereranso. Ailowetse kudzera pa Data, From Text/CSV, n'kuuza Excel kuti makolamuwo ndi Text.

Chenjeraninso ndi Remove Duplicates. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa mbatatesi pamsika wa Dedza amalembedwa mofanana, amasiyana pa kakwezedwe ka liwu. Khungu la pathupi ndi khungu losaona chimodzimodzi. Mukachotsa zobwereza poyang'ana kolamu ya mawu yokha, limodzi lichoka osatsanzika. N'chifukwa chake ndimapatsa mawu aliwonse nambala yake m'kolamu yoyamba, ndipo kamvekedwe ndimakalemba m'kolamu yakeyake.

Pomaliza werengani. Ngati tebulo la mu Word linali ndi mizere 400, mu Excel ikhalenso 400. Fufuzani ŵ, fufuzani #NAME?, yang'anani kolamu ya magulu ngati mulibe Jan kapena Apr. Fayilo ya Word ndi kope lija musataye: agogo amene anakuuzani mawuwo mwina simudzawapezanso kuti muwafunse kachiwiri.