Phwetekere wa Makolo ndi wa M'mapaketi: Phunziro Lochokera ku Thazima

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja sitidziwa mphika wa ndiwo wopanda phwetekere. Kaya ndi usipa, utaka, chambo, nyemba ngakhale bonongwe, mayi akasowa phwetekere ndiwo zimakhala ngati zamasiye. Komabe ambiri a ife tikapita kukagula mbewu timangofunsa mtengo wa paketi, osafunsa mtundu umene uli m'katimo. Zotsatira zake tonse tikuziona. Chaka ndi chaka, kuyambira Januwale mpaka Marichi, mulu wa phwetekere pamsika umachepa pamene mtengo ukukwera, ndipo amayi akudandaula kuti phwetekere wa masiku ano ndi wosalala ndi wofiira bwino koma msuzi wake ulibe fungo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofuna kumvetsa nkhaniyi, tiyeni tichoke kaye kunyanja tikwere kumapiri a m'boma la Rumphi.

Malo awiri, mbewu imodzi

Thazima ali pa msewu wochokera pa boma la Rumphi kudzera ku Bolero, mtunda wopitirira makilomita 50, ndipo ndi pamene pali chipata cholowera m'nkhalango yosungirako nyama ya Nyika, imene idakhazikitsidwa mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978. Malowa ndi okwera pafupifupi mamita 1,600 pamene nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500. Kusiyana kumeneku ndiko kumalamula zonse m'dimba.

Ku Thazima usiku kumazizira, ndipo phwetekere amakonda zimenezo chifukwa maluwa ake amagwira bwino. Vuto lawo ndi chinyezi. Mvula ikalimbikira ndi nkhungu, matenda a chiwawu amaotcha masamba ndi zipatso m'masiku ochepa. Awa ndi matenda omwe aja adaononga mbatatesi ku Ireland kuyambira mu 1845 mpaka kugwetsa njala yoopsa. Komanso m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kumachedwetsa mbewu kukula.

Ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota vuto lathu ndi lina. Kukatentha kupitirira madigiri 32 masana, usiku n'kusazizira, maluwa amayoyoka osabereka, ndipo akangaude ofiira aang'ono kwambiri amayamwa masamba mpaka kuuma. N'chifukwa chake miyezi imene a ku Thazima akulimbana ndi chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo miyezi yathu yabwino, pamene Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yotitayitsa mbewu. Phunziro loyamba ndi limeneli: palibe mtundu wa phwetekere umene ungapambane paliponse. Mbewu imene yachita bwino kwa mbale wanu kumapiri muiyese kaye pa bedi limodzi musanadzaze nayo dimba.

Kodi wa makolo ndi uti?

Phwetekere si mbewu yochokera kuno. Kwawo ndi ku South America, m'madera a Peru ndi Ecuador, ndipo anthu a ku Mexico ndiwo adamulima kwambiri asanatengedwe ndi anthu a ku Spain kupita naye ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Tikamati wa makolo tikutanthauza mtundu wakale umene ukasunga njere zake n'kudzalanso, umabereka zofanana ndi mayi wake. Duwa la phwetekere limadzibereketsa lokha nthawi zambiri, choncho mtundu wotere umatha kukhala m'banja zaka makumi ambiri osasintha. Wosiyana nawo ndi wa haibridi, umene paketi yake imalembedwa F1. Umenewu umabereka kwambiri chaka choyamba, koma njere zake zikadzalidwanso zimatulutsa mbewu zosiyanasiyana, ndipo mlimi ayenera kubwerera kusitolo chaka chilichonse.

Tiyeni tsopano tiike mitundu yodziwika pa lichero limodzi.

Kaphwetekere kakang'ono komera kokha. Aka timakapeza kuseri kwa khola, padzala ndi m'mphepete mwa minda, ku Thazima ngakhale kunyanja. Pa kukoma palibe wokaposa: kali ndi shuga ndi kuwawasa kokwanira, moti kadzanja kamodzi kamakometsa mphika wa usipa. Kamapirira chilala ndi matenda kuposa mitundu ikuluikulu, ndipo kamabereka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Kuipa kwake n'kwakuti kuthyola kumatenga nthawi, njere ndi zambiri, ndipo pamsika anthu amakanyoza.

Money Maker. Uyu adachokera ku England kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo agogo athu ambiri adamulima. Zipatso zake ndi zobulungira, zapakatikati, za madzi ambiri ndi zokoma podya zosaphika. Amakula motalika ndipo amafuna mtengo womuimikira ndi kumuchotsa mphukira za m'khwapa mwa masamba. Akasamalidwa amapatsa banja phwetekere sabata ndi sabata kwa nthawi yaitali. Koma khungu lake ndi lofewa, sachedwa kuphwanyika m'dengu, ndipo alibe mphamvu yolimbana ndi matenda ambiri.

Marglobe. Adatulutsidwa ku America mu 1925. Zipatso zake ndi zokulirapo, zonenepa, za msuzi wonunkhira. Masamba ake ambiri amaphimba zipatso kuti zisapse ndi dzuwa, chimene ndi chothandiza kwa ife a kumalo otentha.

Roma. Uyu ndi wotalika ngati dzira, adatulutsidwa ku America komweko mu 1955. Ali ndi mnofu wambiri, madzi ochepa ndi njere zochepa. Sakula motalika ndipo zipatso zake zimapsa pafupifupi nthawi imodzi. Kumudya wosaphika sasangalatsa kwenikweni, koma msuzi wake ndi wokhuthala. Malemba a VF amene amakhala pa paketi akutanthauza kuti amapirira mitundu iwiri ya matenda ofotetsa mbewu ochokera m'nthaka.

Tengeru 97 ndi Tanya. Iyi ndi mitundu yatsopano poyerekeza ndi inayo. Idatulutsidwa mu 1997 ku Tanzania, ndipo dzina la Tengeru ndi la malo a kafukufuku pafupi ndi mzinda wa Arusha. Si ya haibridi, kotero njere zake zimasungika. Mphamvu yake ndi kulimba: imatha masiku ambiri itathyoledwa osaola, ndipo imapirira ulendo wa pa msewu wa mabampu monga wochokera ku Thazima kutsikira ku Rumphi. Ogulitsa amaikonda, ngakhale pa fungo siingafanane ndi kaphwetekere kathu kakang'ono.

Kukoma kudapita kuti?

Dandaulo la amayi lija si la m'mutu chabe. Mu 2012 akatswiri a ku America adapeza kuti mitundu yambiri ya malonda idasankhidwa kuti izifiira mofanana thupi lonse, popanda kubiriwira kumapewa, ndipo kusintha komweko kudachepetsa shuga m'chipatso. Mu 2017 gulu la Harry Klee wa ku yunivesite ya Florida lidayesa mitundu pafupifupi 400 n'kupeza kuti mitundu yamakono idataya zina mwa zinthu zimene zimapatsa phwetekere fungo lake. Obereketsa mbewu ankafuna kukula, kulimba ndi kuchuluka, ndipo kukoma kudatsalira m'mbuyo osadziwa.

Tisamangoloza chala mbewu yokha. Phwetekere wothyoledwa wosapsa sakoma ngati wopsera pamtengo. Wothiriridwa madzi ambiri pamene akupsa amasukuluka. Woikidwa m'firiji masiku angapo amataya fungo. Choncho ngakhale Tengeru wopsera m'dimba lanu adzaposa Money Maker wopsera m'dengu la pamsika.

Tidzale chiyani pakhomo?

Malangizo athu ndi akuti banja lisadalire mtundu umodzi. Dimba laling'ono likhale ndi mizere itatu. Mzere woyamba ukhale wa Money Maker kapena Marglobe, wa mphika wa tsiku ndi tsiku. Wachiwiri ukhale wa Roma kapena Tanya, wogulitsa ndi woumitsa. Ife tili ndi mwayi chifukwa thandala loyanikapo usipa ndi dzuwa tili nazo kale: dulani Roma pakati, wazani kamchere, yanikani pa thandala loyera mutaphimba ndi kaukonde koletsa ntchentche, ndipo akauma musunge m'botolo kuti adzakuthandizeni mu Febuluwale. Mzere wachitatu usiyireni kaphwetekere kakang'ono kumpanda, kamene kadzakhalabe ndi moyo enawo atagonja.

Mbande ziwokeredwe zikakwana masabata anayi kapena asanu pa nazale, motalikirana masentimita 60, m'nthaka yothiridwa manyowa owolerana. Thirirani pansi, osati pamasamba, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu. Musadzale phwetekere pamene padali phwetekere, mabiringanya, tsabola, mbatatesi kapena fodya chaka chatha, pakuti zonsezi ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda. Ku Rumphi, kumene fodya amalimidwa kwambiri, langizoli ndi lofunika zedi, chifukwa tizilombo totupitsa mizu timatsalira m'nthaka ya nazale za fodya, ndipo matenda opangitsa mawanga pamasamba amatha kuyenda ndi manja a munthu amene wagwira fodya.

Palinso mdani watsopano amene sasankha mtundu. Kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kadafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014 ndi ku Zambia mu 2016, ndipo kwathu kuno kadalowanso. Kamaboola m'kati mwa tsamba ndi chipatso. Yenderani dimba m'mawa uliwonse, thothani masamba ogwidwa n'kuwakwirira, ndipo musanagule mankhwala funsani alangizi a zaulimi a kwanuko, chifukwa kambozika sikachedwa kuzolowera mankhwala opoperedwa mobwerezabwereza.

Kusunga njere

Mtundu wa makolo umatha tsiku limene mayi womaliza wasiya kusunga njere zake. Ntchito yake si yovuta. Sankhani zipatso zopsa bwino kuchokera pa mitengo yathanzi imene yabereka kwambiri, osati zotsalira za kumapeto. Finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, siyani masiku awiri kapena atatu kuti kachiterere kokuta njere kasungunuke, tsukani, tayani zoyandama, ndipo zomira muziyanike pamthunzi pa kansalu. Zikauma ziikeni m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi phulusa pang'ono, mulembepo dzina ndi chaka. Zosungidwa pouma ndi pozizira zimamera ngakhale patapita zaka zitatu kapena zinayi.

Ana nawonso apatsidwe gawo. Aliyense akhale ndi mitengo yake isanu, aziwerenga zipatso zimene wathyola n'kulemba m'kope, ndipo pa chakudya cha madzulo banja lilawe n'kugwirizana kuti wokoma ndi uti. Pakutha pa nyengo imodzi mudzakhala ndi yankho la dimba lanu lenileni, loposa zolembedwa pa paketi. Mukapeza mtundu wabwino, gawirani anansi, kuti chiwawu kapena chilala chikadzakulandani mbewu mudzakhale ndi kopempha. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.