Kodi mulungu amamva chilankhulo chanji?

Kumayambiriro kwa chaka cha 2020, khoti lina ku India linaweruza mlandu umene enafe tikanangouseka. Panalibe wakuba, panalibenso wolanda munda wa mnzake. Nkhani inali yakuti: pa mwambo woyeretsa kachisi wamkulu wa Ahindu mumzinda wa Thanjavur, m'chigawo cha Tamil Nadu kummwera kwa dzikolo, mapemphero achitike m'chilankhulo chanji? Ena amati Chisanskrit monga mwa nthawi zonse, ena amati Chitamil chimene anthu a kumeneko anayamwira. Oweruza a ku Madurai anavomereza kuti zonse ziwiri zimveke, ndipo pa 5 Febuluwale mwambowo unachitikadi motero.

Musathamangire kukafunsa amwenye a m'masitolo a ku Limbe, awerengi. Ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Gujarat, kutali zedi ndi Atamil, ndipo chilankhulo chawo n'china.

Chisanskrit ndi chilankhulo cha mabuku oyera akale otchedwa Veda. Lakale kwambiri, Rig Veda, lili ndi nyimbo 1,028 ndipo lapyola zaka 3,000. Kwa nthawi yaitali nyimbozi sizinkalembedwa ayi, mwana ankaziloweza kuchokera pakamwa pa mphunzitsi, liwu ndi liwu, mpaka pokweza ndi potsitsa mawu pomwe. N'chifukwa chake ansembe amati mphamvu ya pemphero lotere ili m'kamvekedwe kake, ukalimasulira walisukulutsa. Koma pa kalembera wa 2011 anthu osakwana 25,000 ndiwo anati Chisanskrit n'chilankhulo chawo chobadwa nacho, pamene a Chitamil anali pafupifupi 69 miliyoni. Agogo athu achikatolika amene anagwada pa Misa ya Chilatini zinthu zisanasinthe m'zaka za m'ma 1960 akudziwa mmene zimakhalira kuyankha "amen" pa mawu amene sunawamve.

Komatu Chitamil si mlendo m'kachisi. Zaka zoposa 1,200 zapitazo kunabuka alakatuli amene ankayenda kachisi ndi kachisi akuimbira mulungu wawo m'chilankhulo cha pamsika. Atatu opembedza Shiva, omwe ndi Appar, Sambandar ndi Sundarar, anasiya nyimbo zotchedwa Tevaram. Opembedza Vishnu anali 12, amatchedwa Alvar, ndipo mmodzi mwa iwo, Andal, anali mkazi. Wina, Tiruppan, anachokera ku fuko lonyozeka la anthu oimba. Chochititsa chidwi n'chakuti amene anasonkhanitsa ndime zawo 4,000 anali Nathamuni, munthu wa fuko la ansembe la Abrahmin, ndipo ndi Abrahmin omwewo anazipatsa ulemu wozitcha Veda ya Chitamil.

Ku kachisi wa Vishnu wa ku Srirangam, chifanizo cha mulungu chikamatuluka kuzungulira m'misewu, gulu loimba ndime za Chitamil limatsogola, ndipo olakatula Veda ya Chisanskrit amabwera pambuyo. Nayo mfumu Rajaraja Chola, imene inamaliza kumanga kachisi wa ku Thanjavur uja m'chaka cha 1010, inalembetsa pakhoma pake maina a anthu 48 olembedwa ntchito yoimba nyimbo za Chitamil. Eetu, kachisi yemweyo amene anthu anatengerana naye kukhoti.

Nanga ngati zilankhulozi zakhalira limodzi zaka chikwi, phokoso likuchokera pati? Mmene ndikuonera ine, mkangano weniweni uli pa khomo la kachipinda ka m'kati momwe mumakhala chifanizo. M'makachisi akuluakulu, wolowa mmenemo wakhala ali wansembe wa Chibrahmin, ntchito yosiyirana bambo ndi mwana, ndipo malamulo ake ali m'mabuku a Chisanskrit otchedwa Agama. Woimba Tevaram, amene amatchedwa oduvar, amaima kunja. Tsono munthu akamati "tipemphere m'Chitamil", nthawi zambiri akufunsanso kuti: ndani ali ndi ufulu woyandikira mulungu, ndipo mbale ya zopereka agwire ndani?

Ku Chidambaram zinafika poipa. Mkulu wina woimba, Arumugasamy, analimbana kwa zaka zambiri ndi ansembe a kumeneko otchedwa Dikshitar, amene ankamukaniza kuimba Tevaram pa nsanja yoyang'anana ndi chifanizo cha Shiva. Mu 2008 boma la chigawocho linamuloleza, koma anakwera pa nsanjayo moperekezedwa ndi apolisi. Taganizirani, nkhalamba kuimba nyimbo ya Appar apolisi ataizinga!

Andale nawo sanakhale chete, monga mukuwadziwira. Periyar E.V. Ramasamy, amene anayambitsa gulu lolimbana ndi tsankho la mafuko m'zaka za m'ma 1920, sankakhulupirira n'komwe zoti kuli mulungu, komabe anamenyera nkhondo kuti munthu wa fuko lililonse athe kukhala wansembe. Boma la M. Karunanidhi linasintha lamulo mu 1970 kuthetsa unsembe wosiyirana. Mu 1972 khoti lalikulu la India linavomereza lamulolo, koma n'kuwonjezera kuti posankha wansembe azitsatabe Agama. Kupatsa ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere kumeneko. Nkhaniyi inakwawa mpaka mu Ogasiti 2021 pamene boma la M.K. Stalin, mwana wa Karunanidhi, linaika m'makachisi ansembe 24 ophunzitsidwa bwino ochokera m'mafuko osiyanasiyana.

Sindikuti onse okakamira Chisanskrit ndi adyera. Mayi wochokera ku Gujarat akafika ku kachisi wa ku Madurai samva Chitamil ngakhale liwu limodzi, koma pemphero la Chisanskrit amalizindikira, chifukwa ndi lomwe amalimva kwawo. Chimenecho n'chinthu chachikulu m'dziko la zilankhulo zovomerezeka 22.

Mwezi womwewo wa Ogasiti 2021, boma linakhazikitsanso m'makachisi 47 dongosolo lakuti wopembedza azitha kupempha kuti pemphero lake linenedwe m'Chitamil. Pakhomo anakhoma zikwangwani zokhala ndi maina ndi manambala a foni a ansembe odziwa kutero. Dongosololi analitcha Annai Thamizhil Archanai, kutanthauza kupembedza m'Chitamil, mayi wathu. Liwu lomaliziralo, archanai, linachokera ku Chisanskrit.