MAU OTI OGULA MPUNGA AKUPEZENI PA INTANETI

(Nkhani iyi inaulutsidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi. Mafumu aiwerengere anthu ao pa msonkhano.)

Lero sitinena za kaokedwe ka mpunga kapena za feteleza ai. Tinena za mau amene mulemba pofuna kuti wogula wa kutali adziwe kuti muli ndi malonda.

Inu nonse mudziwa chimene chichitika nthawi yokolola. Mpunga mwamweta, matumba ali m'nyumba, ndipo ana afuna ndalama za sukulu. Venda afika ndi sikelo yache, nanena mtengo wache. Popeza wogula ndi mmodzi yekha, inu mulibe ponena, mungogulitsa. Koma tsiku lomwelo ku Lilongwe kuli mwini sitolo, kapena munthu wogulira chakudya sukulu yogonera konko, amene afuna matumba ambiri. Masiku ano munthu wotere sayamba ndi kukwera basi. Atenga foni yache, natsekula Google, nalemba chimene afuna. Ngati dzina la gulu lanu silituluka pamenepo, iye sadzadziwa konse kuti mulipo.

Tiyambe tamva m'mene makina amenewa agwirira ntchito. Google inayambidwa m'chaka cha 1998 ndi ophunzira awiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Stanford ku America, maina ao Larry Page ndi Sergey Brin. Makompyuta ache awerenga masamba a pa intaneti usana ndi usiku, nasunga mau ache m'kaundula wamkulu. Munthu akafunsa, makinawo sapita ku munda kwanu kukaona ngati mpunga uli wabwino. Angoyang'ana m'kaundulamo, nafuna tsamba limene mau ache ayankha funsolo.

Chifukwa chache lembani mau amene wogula alemba, osati mau amene akondweretsa inu. Magulu ambiri ayamba motere: "Takulandirani. Ife ndife alimi olimbika, okonda chitukuko ndi umodzi." Mau amenewa ndi aulemu, koma kodi alipo munthu amene alemba "alimi okonda umodzi" pamene afuna mpunga? Palibe. Iye alemba dzina la mbeu ndi dzina la malo. Tsono mzere woyamba, umene uli mutu wa tsamba, ukhale wotere: "Mpunga wa Kilombero wopuntha, Bwanje Valley, Mtakataka, Dedza." Popeza ogula ambiri a m'tauni afunsa m'Chingerezi, pansi pache lembani kachiwiri kuti "Kilombero rice for sale, Bwanje Valley, Dedza." Mutu ukhale waufupi, pakuti ukatalika makinawo audula.

Pa nkhani ya maina tichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri alakwa pomwepa. Dzina limene kwa inu liri lomveka, kunja liri ndi eni ache ena. Kilombero ndi dzina la chigwa cha ku Tanzania, ndipo kuno ku Malawi munthu akamva mpunga wa Kilombero aganiza za ku Karonga. Mukalemba "Kilombero" pokha, wogula adzapita ku mpoto. Nalo dzina la Mua liri chimodzi-modzi. M'chinenero cha anthu a ku Vietnam "mua" ndiko kuti "kugula", ndipo anthu a dzikolo ali pafupi-fupi 100 miliyoni. Mudzi wanu sungapambane masamba ao onse. Lembani "Mua, Dedza, Malawi". Wofunsa za Golomoti kawiri-kawiri apeza nkhani za magetsi a dzuwa amene anayamba kugwira ntchito kumeneko m'chaka cha 2022, chotero nenani poyera kuti inu mugulitsa mbuzi kapena nandolo ku Golomoti. Ndiponso ena alemba Mtakataka, ena Ntakataka. Ikani maina onse awiri, lina pa mutu, lina m'kati.

Pansi pa mutu yankhani zonse zimene wogula akadafunsa mukadakhala naye pa mkeka. Mpungawo ndi wopuntha kapena wosapuntha? Matumba ndi angati, ndipo ndi a makilogalamu 50 kodi? Upezeka miyezi iti? Galimoto lalikulu lingafike pa nkhokwe nthawi ya dzinja, ndipo pali mtunda wotani kuchokera pa mseu wa M5? Aimbe foni kwa yani? Inu a ku sikimu ya Bwanje muli ndi zonena zimene ena alibe: sikimu yanu ndi ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la Boma la Japan, ndipo madzi ache achokera mu mtsinje wa Namikokwe. Wogula akawerenga zotere adziwa kuti mpunga suli wa thumba limodzi kapena awiri. Chithunzi cha mpunga ndi chabwino, koma pansi pache lembani mau onena chimene chiri m'chithunzimo, pakuti makinawo akhulupirira mau olembedwa koposa.

Tsono masamba awiri akanena zofanana, liyamba kutuluka ndi liti? Apa mafumu mudzamva msanga. Pa bwalo la milandu munthu wodzichitira yekha umboni simumkhulupirira kweni-kweni, koma akaimirira anthu ena odziwika namuchitira umboni, mau ache alemera. Nzeru imene Page ndi Brin anayamba nayo ndi yomweyo. Tsamba lina likaloza ku tsamba lanu, ndiye kuti lakuchitirani umboni, ndipo umboni wa tsamba lodziwika uposa wa masamba ambiri osadziwika. Chitsanzo chiri pafupi. Mishoni ya Mua inayamba m'chaka cha 1902, ndipo Bambo Claude Boucher anayamba malo a zosema ndi za chikhalidwe a Kungoni m'chaka cha 1976. Alendo a ku Ulaya apeza Kungoni mosabvuta, chifukwa olemba za maulendo ndi manyuzipepala ambiri analemba za malowo. Inunso mtolankhani akabwera, kapena bungwe limene ligwira nanu ntchito likalemba za inu, apempheni kuti atchule dzina la gulu lanu monga mulilembera inu, nalozenso ku tsamba lanu. Dzinalo lisasinthe-sinthe.

Chenjerani ndi njira zachidule. Ena aganiza kuti akalemba "mpunga, mpunga, mpunga" kakhumi adzakhala patsogolo. Kale zimenezi zinkatheka, koma eni Google anaziletsa, ndipo tsamba lotere alibweza m'mbuyo. Ena adzabwera nanena kuti, "Tipatseni ndalama, mawa mukhala oyamba." Palibe munthu angalonjeze zotere moona. Malo olipira alipo, koma ndi a malonda otsatsa, ndipo akhalapo pokha-pokha pamene mukulipira. Tsamba latsopano litha kukhala masabata kapena miyezi lisanayambe kuoneka bwino, chotero lembani mpunga ukali m'munda, osati venda atafika kale pa khomo. Ndipo musalembe bodza. Mukanena Kilombero koma m'thumba mwasakaniza Faya, woguladi adzabwera kamodzi, nalemba dandaulo lache pomwepo pamene ena onse awerenga.

Ambiri a inu mutumiza malonda pa WhatsApp. Nzabwino, koma dziwani kuti Google siwerenga zimene mulemberana m'magulu a WhatsApp. Kumeneko kuli ngati kulankhula m'nyumba chitseko chiri chotseka, akumvani ndi okhawo amene akudziwani kale. Ngati gulu liribe ndalama zolipira tsamba lache-lache, litsekule tsamba la Facebook loonekera kwa onse, ndipo lilembetse nkhokwe kapena chigayo chache pa Google Maps. Zonse ziwiri nzaulere.

Kwa inu mafumu ndi nyakwawa, ntchito yanu ndi iyi. Itanani komiti, ndipo musankhe mnyamata kapena mtsikana wodziwa foni amene mumkhulupirira. Iye alembe, koma mauwo awerengedwe pamaso pa onse asanawaike. Nambala ya foni ikhale imene komiti yagwirizana, ndipo mau achinsinsi otsekulira tsambalo awadziwe anthu atatu, kuti mnyamatayo akapita ku Joni tsamba lisapite naye. Wogula akatumiza uthenga wakuti walipira, msungichuma ayambe waona ndalamazo mu akaunti matumba asanakwere galimoto. Mpunga ukatha lembani kuti watha, ndipo munene mwezi umene wina udzapezeka.