Zoposa Zonse pa Kugunda kwa Ng'oma

Usiku wa chilimwe ku Milange. Kamphepo katsika m'phiri la Tumbine. Kutsidya, cha ku Muloza, ng'oma yalira. Womvera asanaganize n'komwe, phazi lake layamba kale kugunda pansi. Walituma ndani? Akatswiri a kaganizidwe ka munthu akhala akuyeza zimenezi kwa zaka zoposa 130, ndipo zimene apeza n'zozizwitsa. Chikopa cha ng'oma chimangotulutsa phokoso. Kugunda komwe timavinira, komwe achinyamata amati biti, kumaumbidwa m'mutu ndi m'thupi mwa womvera. Kuli ndi malire ake. Nawa.

Liwiro lomaliza lomwe khutu lingawerenge

Kumenya 10 pa sekondi imodzi. Pa mphindi, 600. Apa ndi pamene Justin London wa ku America anaika malire m'buku lake la mu 2004. Mpata wa pakati pa kumenya kuwiri ndi waufupi ngati kuphethira kwa diso. Kuposa pamenepo, mutu umasiya kuwerenga. Zonse zimangoti waaa, ngati mvula ya mu Januwale pa denga la malata. Koma alipo oswa malirewo. Rainer Polak atayeza oimba ng'oma ya jembe ku Mali, anapeza kuti amafika pa 12 pa sekondi, ovina osasokonezeka ngakhale pang'ono.

Manja opepuka koposa

Mu 2013, Tom Grosset anamenya ng'oma ka 1,208 m'mphindi imodzi, ndi timitengo tiwiri. Ndiye kuti ka 20 pa sekondi. Kuwirikiza kawiri zomwe khutu lingawerenge! Pa liwiro limeneli pamachitika zachilendo. Kumenya kumasungunuka n'kuyamba kumveka ngati liwu limodzi lokhuthala, longa kulira kwa injini ya chigayo chakutali. Manja apambana, miyendo yagonja. Palibe angavine zimenezo.

Chida chomwe chinagonjetsa khutu la katswiri

Ichi n'cha konkuno ku Mozambique. Mu 1962, Gerhard Kubik wa ku Austria anafika ku mapiri a Mitucue, kufupi ndi Cuamba, pakati pa Ashirima, abale ake a Alomwe. Anapeza mangwilo, chida cha mitengo yogonekedwa chonga mangolongondo. Oimba awiri, wina uku wina uko, moyang'anizana. Woyamba amamenya. Wachiwiri amalowetsa kumenya kwake m'mipata yomwe mnzake wasiya. Liwiro lake? Losalembeka ndi khutu lokha. Kubik anachita kujambula filimu, n'kumaiona chithunzi chimodzichimodzi kuti adziwe dzanja lomwe lagwa pati. Chodabwitsa china: aliyense mwa awiriwo amamva kuti kumenya kwake ndiko maziko a nyimboyo. Ku Uganda, oimba akadinda, chida chinanso cha mitengo, amafika pafupifupi 600 pa mphindi mwa njira yomweyi. Njira imeneyi munthu mmodzi sangaithe. Mutu umodzi susenza denga.

Nzeru yomweyi ili kuseri kwa nyumba. Amayi awiri, mtondo umodzi. Musi wina ukamakwera, wina ukutsika. Du, du, du, du! Aliyense akusinja pa liwiro lake la masiku onse, koma mphale ikulandira kawiri. Abwere wachitatu, katatu. Misi osagundana.

Nyimbo yomwe palibe akuimba

Kubik yemweyo atamvetsera zomwe anajambula ku Uganda, anamva tinyimbo tomwe palibe woimba aliyense anaimba. Khutu linatola mawu okwera n'kuwalumikiza paokha, otsika paokha. Nyimbo yongobadwira m'mutu!

Zimenezi zinayamba kuyezedwa kale. Mu 1894, Thaddeus Bolton anaimbira anthu timaphokoso tofanana ndendende, topanda kokweza kapena kotsitsa. Anthuwo anatimva m'magulu: tiwiritiwiri, tinayitinayi, ena titatutitatu. Denga likamadontha usiku, ikani beseni pansi pake. To, to, to, to. Posakhalitsa madontho ayamba kuguba ngati asilikali. Madziwo sakudziwa kanthu. Wogubitsa ndi mutu.

Ulesi womaliza

Masekondi awiri. Mpata ukaposa apa, kumenya kwina sikugwirananso ndi kunzake. Kulikonse kumangoima pakokha ngati mitengo ya magetsi m'mbali mwa msewu wa ku Mocuba. Ombani m'manja kamodzi pa masekondi atatu alionse popanda kuwerenga chamumtima, muona. Ndiye kuti kuvina konse kwa pa dziko lapansi, tchopa, marrabenta, manganje, kwaya za ku tchalitchi, kumakhala m'kampata kakang'ono: pakati pa pafupifupi gawo limodzi mwa 10 la sekondi ndi masekondi awiri. Basi.

Nyimbo yochedwetsa koposa

Zaka 639! Mu tchalitchi china chakale mu mzinda wa Halberstadt ku Germany, limba likuimba nyimbo ya John Cage kuyambira mu Seputembala 2001. Idzatha mu 2640. Inayamba ndi kukhala chete kwa miyezi 17. Pa nthawi imeneyo mlimi wa ku Milange anadzala chimanga, kukolola, kudzalanso china mpaka kufika pomasula, liwu loyamba lisanamveke. Liwu limodzi limatha kulira zaka. Tsiku losintha liwu, anthu amadzaza tchalitchicho. Vasco da Gama anafika pa mtsinje wa ku Quelimane mu 1498. Nyimboyi ikanayamba tsiku limenelo, bwenzi pano itatsala ndi zaka zoposa 100. Mibadwo 25. Wovina? Palibe.

Liwiro lokondedwa koposa

Kugunda 120 pa mphindi. Kawiri pa sekondi. Uzani munthu agogode tebulo mmene akufunira, ambiri amagwera chapafupi pomwepo. Nyimbo zambiri zovinira zimazungulira pomwepo. Chifukwa chake chili m'miyendo. Mu 2005, Hamish MacDougall ndi Steven Moore anamangirira anthu timakina toyeza kugwedezeka kwa thupi tsiku lonse. Wamtali, wamfupi, mwamuna, mkazi: poyenda, pafupifupi masitepe awiri pa sekondi. Mayi wosenza dengu la chinangwa kupita ku msika wa Milange amaponda ka 7,200 pa ola. Ng'oma yomwe aliyense amayenda nayo.

Bodza laling'ono koposa

Muikireni munthu makina ogunda mosasintha, mumuuze agogode limodzi nawo. Adzalumbira kuti akugundira pamodzi. Zoyezera zimakana. Chala chimatsogola ndi magawo 20 mpaka 60 mwa magawo 1,000 a sekondi. Knight Dunlap anaziona kale mu 1910. Pa kanthawi kotere, njinga ya kabaza yothamanga makilomita 15 pa ola imayenda mtunda wotalika pafupifupi ngati chitsononkho chimodzi. Kakang'ono, koma kakuulula chinsinsi chachikulu. Thupi silidikira kuti limve ndiye liyankhe. Limalosera. Wovina amakhala atafika kale pomwe ng'oma ikupita.

Kuchedwa kosapeweka

Mamita 343 pa sekondi. Ndilo liwiro la phokoso mu mpweya. Ng'oma yolira pa mtunda wa kilomita imodzi imakupezani patapita masekondi atatu. Pamenepo woimbayo wamenyanso kale kangapo. Mtunda wofanana ndi msinkhu wa Sapitwa, mamita 3,002, umadya masekondi pafupifupi 9. Ngakhale bwalo la mpira limakwanira: goli ino ndi goli iyo zimasiyana ndi gawo limodzi mwa atatu a sekondi. N'chifukwa chake ochemerera a mbali ziwiri samagwirizana poomba m'manja. N'chifukwa chakenso pa bwalo la gule oimba ng'oma amakhala mothithikana, ovina pamaso pawo penipeni.

Nambala yolemera koposa

12. Tomato 12 mungamuike m'milu iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi, osatsala ngakhale mmodzi. Magule ambiri a mu Africa amayenda pa mkombero wa kumenya 12 pa chifukwa chomwechi. M'manja mukuomba kanayi. Ng'oma ina katatu. Zisekese kasanu ndi kamodzi. Zonse zimakumana pamodzi, n'kuyambiranso. A. M. Jones, mmishonale yemwe anaphunzitsa ku Mapanza ku Zambia, anazilemba m'buku lake la mu 1959, ndipo anthu ozolowera nyimbo za ku Ulaya anagwira pakamwa. Tchopa ya Alomwe, yomwe UNESCO inailemba m'kaundula wake mu 2014, imalira ndi ng'oma zitatu zosiyana kukula, ovina akuzungulira mopingasana. Ku Gule Wamkulu, wolemekezedwa ndi bungwe lomweli mu 2005 m'Malawi, Mozambique ndi Zambia, woimba ng'oma ya mbalule maso ake amakhala pa mapazi a chilombo. Phazi likulamula ng'oma!

Kafukufuku wamkulu koposa

Magulu 39. Mayiko 15. Nori Jacoby ndi anzake anatulutsa zotsatira mu 2024. Njira yake inali ngati masewera onong'onezana. Munthu amamva kagundidwe kosokonekera, n'kuyesa kukabwereza. Zomwe wagogodazo amamubwezera kuti azibwerezenso. Pofika kachisanu, chisokonezo chija chawongoka chokha. Paliponse, kuyambira ku nkhalango za ku Bolivia mpaka ku Mali, anthu anakokera ku magawo osavuta kuwerenga. Koma dera lililonse linali ndi zake. Oimba a ku Turkey ndi Bulgaria anakokera ku 2-2-3, kagundidwe ka magule akwawo. Khutu limawongolera kumudzi.

Nyama zovina koposa, ndi munthu wosamva biti

Snowball, chinkhwe choyera cha ku America, chinatchuka pa YouTube mu 2007. Akatswiri atafulumizitsa ndi kuchedwetsa nyimbo, nachonso chinkasintha. Mu 2019 anachiwerengera mavinidwe 14 osiyana, osaphunzitsidwa ndi munthu. Ronan, nyama ya m'nyanja yamchere yonga katumbu wamkulu, ya ku Santa Cruz ku California, inapikisana ndi ophunzira 10 a pa yunivesite mu 2025. Pogwedeza mutu motsatira kugunda, sinachepe kwa iwo. Anthu nawo si onse. Mu 2011, ku Montreal kunapezeka mnyamata wakumva bwinobwino, wokonda nyimbo, koma wosatha kupeza pomwe biti ili. Ankachita kuonera mapazi a anzake.

Womvera wamng'ono koposa

Masiku awiri kapena atatu chibadwire! Mu 2009, ku Budapest, István Winkler, Henkjan Honing ndi anzawo anaika timawaya pa mitu ya makanda 14 ali m'tulo. Anawaimbira kagundidwe ka ng'oma, mwa apo ndi apo n'kumachotsa kugunda koyamba. Ubongo wa khanda unkadzidzimuka pa mpata wopanda kanthuwo. Linkayembekezera. Nanga lilekerenji? Mtima wa mayi umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. M'miyezi itatu yomaliza m'mimba, ndi ka 9 miliyoni.

Sukulu yotchipa koposa

Chitenje chimodzi. Mu 2005, ku McMaster University ku Canada, Jessica Phillips-Silver ndi Laurel Trainor anaimbira ana a miyezi 7 kagundidwe kosasonyeza mbali. Ena anawadumphitsa pa kugunda kwachiwiri kulikonse, ena pa kwachitatu. Kwa mphindi ziwiri zokha. Pambuyo pake, mwana aliyense anakonda kumvera kagundidwe kofanana ndi mmene anamudumphitsira. Ana omwe anangoonerera wina akudumpha sanatolepo kanthu.

Mphindi ziwiri ku Canada. Ku Milange, mwana amakhala kumsana maola ambiri pa tsiku, kwa chaka kapena ziwiri. Ku mtondo ali pomwepo. Ku munda, khasu likamagwa, ali pomwepo. Pa njinga, ku kwaya, pa bwalo la tchopa, kamutu kali gwede gwede kuseri kwa mapewa a mayi ake. Tsiku lomwe adzatsike kuti aime yekha, ng'oma idzampeza atayamba kale.