Peni ya Chiboo: Mmene Akatswiri Amadziwira Mtengo wa Makobidi Akale

M'nyumba zambiri za ku Matero, Chawama, Kanyama ndi Mtendere mu Lusaka muli makobidi akale amene akhala zaka makumi angapo pansi pa sutikesi kapena m'kachitini ka mabatani, ndipo mphekesera za pa Facebook ndi pa WhatsApp zachititsa eni ake kukhulupirira kuti khobidi lililonse la nthawi ya atsamunda ndi chuma chogulira nyumba. Maphunziro ofufuza ndalama zachitsulo ndi zamapepala, amene amatchedwa numismatics, amaphunzitsa zosiyana ndi zimenezo, pakuti chimene chimakweza mtengo wa khobidi si ukalamba wake, koma kusowa kwake, mmene lasungikira, ndiponso kuchuluka kwa anthu amene akulifuna.

Ntchito yoyamba ya katswiri ndi kudziwa kuti khobidilo ndi la boma liti. Zambia ili Northern Rhodesia inalibe makobidi akeake, moti anthu ankagula ndi ndalama za ku Britain ndi za Southern Rhodesia, ndipo mapeni 12 ankapanga sheleni imodzi, masheleni 20 n'kupanga paundi. Peni ya Southern Rhodesia inayamba mu 1934, ili ndi chiboo pakati, ndipo poyamba inali yotuwa ngati siliva chifukwa inasulidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. M'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati, anayamba kuisula ndi mkuwa wofiirira. Kutuwa kwa mapeni oyambawo kumapusitsa ambiri, komabe mulibe siliva ngakhale pang'ono. Siliva anali m'matiki, m'masusu ndi m'masheleni, ndipo nayenso analekeka pambuyo pa 1946.

Peni imene achikulire a m'makomboni a Lusaka amaikumbukira kwambiri ndi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Mbali imodzi ili ndi njovu ziwiri zoimirira ndi miyendo yakumbuyo, uku ndi uku kwa chiboo, chisoti chachifumu chili pamwamba, dzina la Mfumukazi Elizabeth litazungulira m'mphepete. Mbali inayo ili ndi dzina la Chitaganya, mtengo wake ndi chaka. Hafu peni ndi yocheperapo ndipo ili ndi akadyansonga m'malo mwa njovu. Mapeni a njovuwa anasulidwa m'zaka za 1955 mpaka 1958 ndiponso 1961 mpaka 1963, chaka chilichonse mamiliyoni, n'chifukwa chake peni yotere ikakhala yoperepeseka mtengo wake kwa osonkhanitsa makobidi ndi wochepa kwambiri. Dziko litalandira ufulu mu 1964, peni ya dzina la Zambia, yachiboo nayonso, inatuluka chaka chimodzi chokha cha 1966, ndipo moyo wake unali waufupi chifukwa pa 16 January 1968 kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa paundi, masheleni khumi n'kusanduka kwacha imodzi.

Akadziwa dziko ndi chaka, katswiri amatsegula buku la mndandanda wa makobidi, monga Standard Catalog of World Coins, mmene mtundu uliwonse uli ndi nambala yake, kulemera kwake, chitsulo chake ndi chiwerengero cha amene anasulidwa. Zida zake n'zochepa ndipo zonse zimapezeka mu Lusaka: galasi lokulitsa zinthu kakhumi, kasikelo koyeza magalamu, ndi maginito. Maginito amathandiza ngakhale pa ngwee za nkhope ya Kenneth Kaunda, chifukwa ngwee imodzi ndi ngwee ziwiri za 1968 ndi za mkuwa ndipo sizimata, pamene za 1983 zimamata poti m'kati mwake ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa. Kumata kumeneku si chizindikiro cha mwala wamtengo wapatali wobisika m'khobidi, monga amanenera ena m'misika, koma umboni wakuti boma linasankha chitsulo chotsika mtengo pa nthawi imene chuma cha dziko chinali pa mavuto.

Mapeni osowadi alipo, ndipo mbiri yawo imaonetsa chimene kusowa kumatanthauza. Mu 1933 fakitale yosula ndalama ya Royal Mint ku London sinafunike kutulutsa mapeni atsopano, moti inasula ochepa kwambiri, pafupifupi asanu ndi awiri, ena mwa iwo n'kukwiriridwa pansi pa miyala ya maziko a nyumba. Ku United States, mu 1943 masenti anasulidwa ndi chitsulo pofuna kusungira nkhondo mkuwa, koma timabale tingapo ta mkuwa totsala chaka chapitacho tinalowa m'makina mwangozi, ndipo limodzi mwa makobidi amenewo, la ku Denver, linagulidwa madola 1.7 miliyoni mu 2010. Popeza mtengo wake ndi wotero, achinyengo amakuta senti yachitsulo ndi mkuwa, kapena kupala nambala 8 ya 1948 kuti ioneke ngati 3. Maginito amagwira chinyengo choyamba, galasi n'kuulula chachiwiri, ndipo sikelo imatsimikiza, pakuti senti ya mkuwa imalemera magalamu 3.11 pamene yachitsulo imalemera 2.7.

Pa makobidi amene anasulidwa ambiri, monga athu, nkhani yonse yagona pa kasungidwe. Akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wa William Sheldon wa mu 1949, woyambira pa 1 kufika pa 70, ndipo kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi makobidi amene sanayendepo m'manja mwa anthu. Pa peni ya njovu diso limayamba kuyang'ana malo otukuka, monga khutu ndi phewa la njovu ndi timikanda ta pa chisoti, chifukwa ndiwo amayamba kufufutika, kenako limaona ngati mlomo wa chiboo unakula ndi chingwe kapena msomali. Palinso gulu lapadera lotchedwa proof, makobidi ochepa osulidwa mosamala ndi zidindo zopukutidwa kuti asungidwe, amene nkhope yake imanyezimira ngati kalilole ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa. A gulu limeneli ndiwo amakwera mtengo, koma sapezeka kawirikawiri m'ndalama zimene zinagulapo makala ndi kapenta.

Cholakwa chimene chimawononga makobidi ambiri m'makomboni ndi kuwatsuka. Mwini khobidi, pofuna kuti lioneke bwino, amalikwecha ndi phulusa, mchenga kapena madzi a mandimu, osadziwa kuti kudera kumene mkuwa umatenga m'kupita kwa zaka ndi kumene wogula wodziwa amafuna, ndipo timizere ta kukwechako sitibisika pa galasi. Khobidi ligwiridwe m'mphepete, lisungidwe palokha m'kapepala pamalo ouma, makamaka m'madera monga Kanyama kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja. Wofuna kugulitsa ayang'ane mitengo imene makobidi ofanana ndi lake anagulidwadi pa okushoni, osati imene wogulitsa wangolemba pa intaneti, ndipo asatumize ndalama kwa munthu wolonjeza wogula wakunja n'kupempha kaye ya kalembera kapena ya mayeso, chifukwa wogula woona ndiye amalipira.

Peni yachiboo imene ilibe mtengo waukulu siyenera kupita kwa ogula zitsulo zakutha, amene amayeza pa kilo. Mwana wa sukulu ku Kalingalinga kapena ku George akaika pamodzi peni ya Southern Rhodesia, ya Chitaganya, ya 1966 ndi ngwee ya 1968, amakhala ataona ndi maso ake mmene ulamuliro wa dziko lake unasinthira m'zaka 34, ndipo banja likalemba pa kapepala dzina la amene analisunga ndi kumene ankagwira ntchito, khobidilo limasanduka chikalata cha mbiri ya pakhomopo.